Mpira Wopanda Woyimbira

Kwa chaka ndi theka chipitireni ku Johannesburg, mwana wathu wamkulu sitinamumvepo akuseka. Foni ankaimba ndithu, kawiri kapena katatu pamwezi, koma nkhani inali imodzimodzi: salamu, za umoyo, ndalama zimene watumiza ndi zimene tigule nazo. Makolo amene muli ndi ana ku Joni mukuwadziwa mafoni oterewa. Mwana amayankhula ngati akuwerenga lisiti, ndipo kholo limaopa kufunsitsa, kuopa kumva zimene silingathe kuzikonza lili kuno.

Ife olemba nkhaniyi ndife awiri, bambo ndi mayi a mwanayo. Kwathu ndi kunyanja, ku Mangochi, koma malonda anatikokera pa Manjawira, m'boma la Ntcheu, pamene tili ndi kagolosale m'mphepete mwa msewu wa M1. Abale ochokera kwathu njira amaidziwa: Liwonde, Balaka, mphambano ya Chingeni, kenako n'kukhotera mbali ya ku Blantyre. Wamkuluyo anakwera basi ya ku Joni pakati pa chaka cha 2021. Mng'ono wake tili naye, ndipo akaweruka kusukulu amatithandiza kuyeza shuga ndi mafuta ophikira.

Tsiku lina kumayambiriro kwa 2023, titatseka golosale, tinamva phokoso pakhonde. Wamng'onoyo anali atagwira foni chopingasa, zala zazikulu zikuthamanga pagalasi, ndipo pambali pake anali ataika foni ya mayi ake, ataitsegula kuti mawu azimveka. Anakuwa kuti wachinya. Pomwepo m'foni inayo munatuluka kuseka kumene tinali titakuiwala, kuseka kochokera m'mimba, kofanana ndi kwa malemu agogo ake. "Iwe mwana, wakula liti?" Tinaima pakhomo osanena kanthu. Mayi ake analowa m'nyumba ati kukaona mphika, pamene moto unali utazima kale.

Anali kusewera mpira wa pa foni wotchedwa eFootball. Tinafunsa zambiri, ndipo zimene tinamva tizifotokoze, pakuti m'makomo ambiri a kunyanja masewerawa alowa kale koma akuluakulu timangoona msana wa foni. Amene amawapanga ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Konami. Kale ankatchedwa Pro Evolution Soccer, anyamata n'kumangoti PES. Mu 2021 anawasintha dzina n'kulola kuti aliyense awasewere osalipira. Alipo ena opikisana nawo, a kampani ya ku America ya EA Sports, amene kuyambira mu 1993 ankadziwika ndi dzina la FIFA kufikira pamene kampaniyo inasiyana ndi bungwe la FIFA n'kuwatcha EA Sports FC mu 2023. Amenewo ndi aja ana athu ankalipirira m'timashedi ta PlayStation m'misika. Lero shedi siifunikanso, ngakhale kukhala pabenchi imodzi. Mmodzi amatsegula chipinda m'masewerawo, foni imamupatsa nambala, iye n'kuitumiza kwa mnzake, ndipo mnzakeyo, kaya ali pa Balaka kaya ku Durban, akangoilemba, mpira wayamba. Mphindi 90 za pabwalo amazipanikiza kukhala ngati khumi.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti anyamatawa anali ndi ligi yeniyeni. Inabadwira m'gulu la pa WhatsApp limene analitsegula mu January 2022 kuti azichezeramo za timu yathu ya Flames pa mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Cameroon. Ndani waiwala chigoli cha patali chimene Gabadinho Mhango anachinya Morocco pa 25 January, ngakhale kuti pomaliza tinagonja 2-1? Mpikisano unatha koma gulu silinathe, ndipo wina ananena kuti m'malo momangotsutsana za mpira wa eni, bwanji asewere wawo. Analembetsa anyamata 16: asanu a pano pa Manjawira, ena a ku Balaka, Namwera, Makanjira ndi Lilongwe, ndi anayi a ku South Africa. Ambiri ndi a pachibale, kapena anakhalira mphasa imodzi ku madrasa.

Malamulo anali m'kope la masamu limene wamng'ono wathu ankasunga pansi pa kauntala. Wopambana amatenga mapointi atatu, olepherana mphamvu pointi imodzi aliyense, monga zichitikira mu Super League. Aliyense amakumana ndi mnzake kawiri, kutanthauza masewera 30 pa munthu. Ndime iliyonse imapatsidwa masiku awiri, motero ligi yonse imadya miyezi iwiri. Wosabwera popanda chifukwa amalembedwa kuti wagonja 3-0. Mpira ukatha onse awiri amajambula zotsatira n'kutumiza m'gulu, ndipo mlembi amakonza ndandanda. Panalinso lamulo lina limene tinaliwerenga mosaikirapo mtima: ngati mpira waduka pakati chifukwa cha netiweki kapena magetsi, osati mwa dala, ayambirenso pa 0-0.

Bambo wa m'nyumba muno anakulira pa bawo, ndipo poyamba ankaona ngati zonsezi ndi bawo yemweyo, kungoti wasamukira m'galasi. Kufanana kulipodi. Onse awiri ndi masewera a kuwerenga mnzako, a kuleza mtima, ndi a chipongwe chokoma chimene chimatha ndi tiyi. Koma pali kusiyana kumene tinakuzindikira mochedwa. Bawo amaseweredwa pansi pa mtengo wa mango, anthu atazungulira. Maenje 32 ali poyera, ndipo dzanja likalumpha dzenje kapena likabisa njere, maso khumi aona. Ngakhale mpira wa pabwalo la fumbi uli ndi woyimbira, ndipo woyimbirayo akakondera, ochemerera amamuuza. M'ligi ya pa foni mulibe mboni. Mnyamata mmodzi ali m'chipinda cha lendi ku Johannesburg, wina ali pakhonde ku Ntcheu, ndipo mpira ukaduka foni imangonena kuti kulumikizana kwatayika. Siinena ngati magetsi azima kapena ngati chala chathimitsa intaneti mwakachetechete. Chimene chatsala ndi mawu a munthu basi. Pa maligi awiri oyamba mawuwo anali okwanira, chifukwa wonama akanapindulanji? Wopambana ankangolandira ulemu woti chithunzi chake chikhale pamwamba pa gulu kwa miyezi iwiri.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mu October 2023, ligi yachitatu isanayambe, anyamata anagwirizana kuti aliyense aponye K5,000, zonse zikwane K80,000: woyamba atenge K50,000, wachiwiri K20,000, wachitatu K10,000. Wamng'ono wathu anabwera ndi mfundo zake atazikonza bwino. "Ababa, kunjaku anthu akulemera nawo masewerawa." Anatiuza za Mosaad Aldossary, mnyamata wa ku Saudi Arabia, amene mu 2018 anapambana chikho cha dziko lonse cha FIFA eWorld Cup ku London n'kulandira madola 250,000. Anatiuza kuti ngakhale Premier League ya ku England ili ndi ligi yake ya masewera oterewa kuyambira mu 2019. Zonsezo n'zoona. Kenako anafika pamene ankapita: anyamata akufuna munthu wamkulu wokhulupirika woti asunge ndalamazo, ndipo onse atchula ife.

Apa ndi pamene tinalakwa, ndipo sitikufuna kubisala kumbuyo kwa ana. Mawu akuti "wokhulupirika" anatikomera m'makutu. Ife amene timadzudzula anyamata a pamsika tikawaona atagwira timapepala ta kubetcha, tinatenga chitini cha mkaka chopanda kanthu, n'kuikamo ndalama za ana 16, n'kuchibisa kuseri kwa matumba a mchere. Tinkati ndi amana, chosungitsa, ndipo tinadzitama mumtima kuti atisankha. Palibe mwa ife awiri amene anafunsa kuti ndalamazo zikusungidwira chiyani.

Kusintha sikunachedwe. M'gulu muja munali mwa nthabwala munayamba kulowa mawu olemera. Zithunzi za zotsatira zinayamba kukayikiridwa. Anyamata ena anayamba kugula ndalama za m'masewera momwemo kuti apeze osewera amphamvu, ndipo apa pali msampha umene makolo tiyenera kuudziwa: nthawi zambiri sugula wosewera amene ukumufuna, umagula mwayi woti mwina akugwere, monga wopisa dzanja m'thumba lotseka. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti malonda a mtundu umenewu m'masewera ena ndi njuga, ndipo mu January 2019 EA inasiya kugulitsa ndalama zake za m'masewera a FIFA kumeneko. Mwana wa mlongo wathu wa ku Namwera anathera ndalama ya feteleza wa amayi ake m'thumba lotsekalo. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu m'golosale zinakwera usiku umodzi, ndipo K50,000 ija inayamba kuoneka yaikulu kuposa mmene inalili mu October.

Ligi inafika pa tsiku lomaliza anthu awiri ali pamwamba: mwana wathu wa ku Joni, ndi mwana wa atelala amene amasokera pakhonde loyandikana ndi lathu, bambo amene timaima nawo phewa ndi phewa mumzikiti. Wathu ankatsogola ndi pointi imodzi, choncho kulepherana mphamvu kunali komukwanira. Wa atelala ankafunika kupambana. Anasewera usiku, anyamata a pano ataunjikana kumbuyo kwa mnzawoyo. Anachinya m'chigawo choyamba, nateteza chigoli chakecho mpaka kutatsala mphindi zochepa. Pomwepo mpira unaduka.

Wathu analemba m'gulu kuti magetsi azima kumene amakhala ndipo netiweki yapita nawo. Zinali zomveka, chifukwa mu 2023 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse ku South Africa, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale kumeneko ankadziwa. Mlembi, amene ndi mng'ono wake, anatsegula kope n'kuwerenga lamulo. Anabwereza mawa lake, analepherana 1-1, ndipo chikho chinapita ku Johannesburg. Mwana wa atelala sanatukwane. Anangolemba kuti Allah ndiye akudziwa, n'kutuluka m'gulu. M'mawa mwake bambo ake anatiyankha salamu maso ali pa makina.

Patapita masiku awiri wathu anaimba. Mawu ake anali aja a lisiti. Anati ndalamazo tisatumize ku Joni, tingozitenga ngati za mwezi uno. Mayi ake anatenga foni n'kupita nayo kuseri kwa nyumba, ndipo anasiya Chichewa n'kuyamba Chiyao, chinenero chimene mwanayo sanathepo kuwanamiza nacho. Anamufunsa funso limodzi, kuti ntchito ikuyenda bwanji. Kunali zii kwa nthawi yaitali. Kenako zonse zinakhuthuka. Ntchito inali itatha miyezi iwiri yapitayo. Ankagona pansi m'chipinda cha anzake. Mwezi wathawo anachita kukongola kuti atitumizire, ndipo mwezi uno analibe pokongola. Ataona kuti mpira ukutha ali kumbuyo, anathimitsa intaneti ndi chala chake. Magetsi usiku umenewo anali akuyaka.

Mwana wathu ananama pofuna kuti ife tisadziwe kuti wagwa. Tinakhala pamphasa usiku wonse tikutembenuza mfundo imeneyi, ndipo mbali iliyonse inali yowawa. Tinazindikira kuti ifenso tinali titazolowera kuyeza umoyo wake ndi uthenga wa ndalama wolowa m'foni kumapeto kwa mwezi.

M'mawa titaswali Subuhi tinatsalira kuti tionane ndi a Shehe. Tinafotokoza zonse, kupatula dzina la wolakwa, ngakhale tikukhulupirira kuti anazindikira. Tinkayembekezera kuti ayambira pa bodza. Iwo anayambira pa chitini. Anafunsa kuti mphothoyo yachokera m'thumba la yani. Titayankha kuti mwa osewera eni ake, anati pamenepo ndi pamene pali muzu. Anafotokoza kuti mpikisano pawokha si woletsedwa, ndipo mphotho yoperekedwa ndi munthu amene sakupikisana nawo ndi mphatso. Koma opikisana onse akaponya ndalama, aliyense atakonzeka kutaya yake kapena kutenga za anzake, ma ulama amaitcha njuga, kaya aitchula dzina lokoma lotani. Anatikumbutsa kuti m'Surat al-Ma'idah, ndime 90 ndi 91, njuga yatchulidwa pamodzi ndi zoledzeretsa, ndipo zotsatira zake zatchulidwanso: udani pakati pa anthu, ndi kutchinga kukumbukira Allah ndi Swala. Tinaganiza za atelala ndi maso awo ali pa makina. Za mnyamata wa ku Saudi Arabia uja, a Shehe anangofunsa ngati madola akewo anasonkha ndi anzake amene anawagonjetsa. Sanasonkhe, anapereka ndi okonza mpikisano.

Za chitini sitinatsutsane. Tsiku lomwelo tinabweza K5,000 kwa aliyense, ena pamanja, ena pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo za anyamata a ku South Africa tinapereka kwa amayi awo. Pamene tinasiyana maganizo ndi pa mwana. Bambo ake ankafuna kuti aulule m'gulu, pamaso pa onse amene anawanamiza, ndipo ankati manyazi ndiwo mankhwala. Mayi ake ankati chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuphimba cholakwa cha m'bale, ndipo mwana amene wagwa kale kudziko la eni sitingamuvule tili kuno. Tinakhala masiku atatu tikudya mbale imodzi koma osamvana. Aliyense wa ife anali ndi gawo la choonadi, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake mkangano unatalika. Chimene chinatithandiza ndi mawu ena amene a Shehe ananena tikutsazika, akuti cholakwira Allah munthu amalapa kwa Allah mobisa, koma chimene watengera munthu mnzake sichifafanizika kufikira atamubwezera mwini wake. Mwini wake anali mmodzi, mwana wa atelala. Gulu silinaberedwe chikho.

Tinamuimbira wathu n'kumuuza kuti aimbire mnzakeyo yekha, ndi pakamwa pake, osati ndi uthenga wolemba. Zimene anakambirana sitikuzidziwa ndipo sitinafunse. Madzulo a tsiku lotsatira mlembi anakhwatcha mzere m'kope n'kulengeza kuti mpira woyamba uja ndiwo ukuwerengedwa, 1-0, ndipo chikho ndi cha mwana wa atelala. Sanapereke chifukwa. Patapita mphindi zochepa wathu analemba pansi pake, popanda womutuma, kuti magetsi sanazime. Bambo ake atawerenga anatuluka panja n'kukhalitsa. Mawa lake atelala anabwera kudzagula ulusi umene tikudziwa kuti anali nawo kale, nakhala pabenchi mpaka tiyi atatha.

Ligi sinafe, koma inaonda. Anyamata asanu anachoka atamva kuti ndalama zatha, ndipo ena mwa iwo tikumva kuti ali m'maligi ena kumene amaponya zochuluka kuposa zathu zija. Sitingawaletse, tinangouza makolo awo zimene taona. Otsala 11 analemba malamulo atsopano. Palibe cholowera. Mphotho imachokera m'golosale mwathu ndi kwa atelala: ife timapereka bandulo ya intaneti ya mwezi, iwo amasoka malaya. Palibe mpira kuyambira adhana ya Magharibi mpaka itatha Isha, ndiponso masana a Lachisanu. Lamulo limeneli linatiphunzitsa kanthu kena kakang'ono. Wotchi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa zimawerenga nthawi imodzi, koma m'mwezi wa December dzuwa limachedwa kulowa ku Johannesburg ndi nthawi yoposa theka la ola, choncho anyamata a pano akatuluka mumzikiti amadikira anzawo a ku Joni. M'mwezi wa Ramadhani ligi imapuma.

Sitikunena kuti mitima yathu yakhazikika pa masewerawa. Bandulo imadya ndalama, maso a wamng'ono amafiira, ndipo kawiri tamulanda foni chifukwa cha masamu a kusukulu amene anagona m'chikwama. Mu December 2024, pamene FIFA inachititsa mpikisano wa dziko lonse wa eFootball ku Riyadh, Malaysia n'kupambana mbali ya mafoni ndipo Indonesia mbali ya makina olumikiza ku wailesi ya kanema, anabwera akuthamanga: "Ababa, mwaona? Asilamu anzathu!" Tinaona, ndipo tinamuuza kuti ayambe walemba MSCE.

Lamulo la mpira woduka analisiya mmene linalili, chifukwa njira ina yodziwira choonadi palibe. Anangowonjezera danga m'kope. Mpira ukaduka, mlembi amafunsa aliyense kuti chachitika n'chiyani, ndipo yankho amalilemba mmene laperekedwera, osalifufuza. M'ligi yapitayi mipira itatu inaduka. Pa umodzi, mnyamata wa ku Makanjira anayankha kuti anathimitsa yekha chifukwa anapsa mtima. Anamulemba 3-0, anzake anamuseka sabata yathunthu, ndipo ndime yotsatira anasewera.

Wamkulu wathu anapeza ntchito ina m'sitolo ya nsalu ku Mayfair, Alhamdulillah. Miyezi ina amatumiza, ina amanena poyera kuti alibe, ndipo taphunzira kufunsa za chifuwa chake tisanafunse china chilichonse. M'ligi ali pa nambala 7, pansi pa mng'ono wake. Akumana usiku uno ikatha Isha, ndipo mayi awo atchaja kale foni yawo n'kuiika pampando wa pakhonde.